Khobidi lokwiririka limamveka pakuya bwanji? Kuyerekeza makina ofufuzira zitsulo

Wogulitsa akakuuzani kuti ditekita yake imamva khobidi limodzi pansi pa mamita atatu, ndalama zanu bwezerani m'thumba. Khobidi la mamilimita 25 m'mimba mwake, litagona bwino m'dothi losavuta, makina abwino amalimva pa masentimita 20 mpaka 30. Kufika pa 35 kapena 40 zimachitika, koma pafunika khobidi lalikulu, dothi loyera ndi munthu wa khutu lozolowera. Pakati pa makina otsika mtengo odalirika ndi makina odula kwambiri, kusiyana kwake pa khobidi limodzi nthawi zambiri sikupitirira chikhatho cha dzanja.

Chimachititsa ndi momwe makinawa amagwirira ntchito. Koyilo, mbale ija yakunsonga kwa ndodo, imatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikakhudza khobidi, mkati mwake mumazungulira timagetsi tochepa, ndipo timagetsito timabweza kamphamvu kofooka kamene koyilo imatola. Mphamvu imatha popita, imathanso pobwera. Khobidi likatalikirana ndi koyilo kuposa kukula kwa koyiloyo, kuwirikiza mtunda kawiri kumafooketsa chizindikiro pafupifupi ka 64. Ndiye kuti wopanga makina akafuna kuti kuya kuchoke pa masentimita 25 kufika pa 50, makina ake ayenera kumva ka 64 kuposa poyamba, uku phokoso la dothi nalo likukwera. Palibe batani lochita zimenezo.

Khobidi lenilenilo

Musanayerekeze makina, dziwani khobidi limene mukulifuna. Kukula ndiko koyamba. Tengani makobidi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, amene anayamba kutuluka mu 1955. Tiki (mapeni atatu) ndi wa mamilimita pafupifupi 16, pamene half crown (masheleni awiri ndi theka) ndi ya 32. M'mimba mwawirikiza kawiri, chizindikiro chimakula pafupifupi ka 8, koma kuya kumangowonjezeka ndi magawo 4 pa 10 aliwonse. Makina omva tiki pa masentimita 18 adzamva half crown pa 25 kapena cha pomwepo, osati pa 36.

Peni ya mkuwa yobowoka pakati ija, yojambulidwa njovu, imalira bwino ngakhale ili ndi bowo, chifukwa magetsi amazungulirabe m'mphepete mwake. Ikang'ambika kuchokera pabowo kufika kunja, njira ya magetsi yaduka ndipo kulira kumafooka kwambiri. Makobidi a siliva a ku Britain amene ankayenda kuno asanafike a chitaganya ndiwo olira mokoma: mpaka 1919 siliva anali magawo 92.5 pa 100, kuyambira 1920 mpaka 1946 anali theka, ndipo kuyambira 1947 munalibenso siliva, unali mkuwa wosakaniza ndi nickel. Mkuwa wosakanizawu sudutsa magetsi bwino, choncho nambala ya pa sikirini, imene makina amasonyezera mtundu wa chitsulo, imakhala yotsika, yoyandikana ndi ya zidutswa za aluminiyamu. Ambiri amasiya masheleni m'nthaka poganiza kuti ndi zinyalala.

Makobidi ambiri amakono ali ndi chitsulo mkati, ngati a kwacha amene anatuluka mu 2012. Yesani ndi maginito. Likamata, dziwani kuti makina adzalisokoneza ndi chitsekerero cha botolo, ndipo likayamba dzimbiri nambala yake imadumphadumpha.

Kagonedwe nako. Khobidi logona chathyathyathya limaonetsa nkhope yonse ku koyilo. Loimirira cham'mbali limangoonetsa mphepete, ndipo kuya kungachepe ndi gawo limodzi pa atatu, mwina kufika theka. M'munda wolimidwa chaka ndi chaka, makobidi amagona mulimonse momwe khasu linawasiyira.

Dothi ndilo limalamula

Apa m'pamene manambala a m'mabuku otsatsa malonda amagwera. Ambiri a manambalawo anayezedwa m'mphepo, khobidi likugwedezedwa pamaso pa koyilo popanda dothi pakati.

Katondo ndi wofiira chifukwa cha chitsulo chimene chili m'kati mwake. Timiyala ta magnetite ndi maghemite timayankha koyilo mwamphamvu kuposa khobidi lakuya, moti makina amakhala akumvera kanthu kakang'ono pakati pa chiphokoso. Ditekita yomva khobidi pa masentimita 28 m'dothi la mchenga woyera ingathe kulephera pa 15 m'katondo wolemera. Sikuti dothi lofiira lililonse ndi loipa mofanana ayi, minda iwiri yoyandikana imatha kusiyana. Kuyesa n'kosavuta: umitsani dothi lodzadza dzanja, lipereni, kenaka yendetsanimo maginito amphamvu. Akatuluka ndi ndevu zakuda zambiri, dothilo lidzakudyerani kuya.

Malo amene panawotchedwa amaipa koposa. Pamene panali uvuni wa njerwa, pamene ankawotchera makala, kapena padzala lakale, moto unasandutsa chitsulo cha m'dothi kukhala cha maginito. Zidutswa za njerwa zowotcha ndi makala zimalira ngati chitsulo, ndiye mabwinja a masitolo ndi nyumba zakale, kumene makobidi amapezekadi, ndi kumenenso makina amavutika.

M'mbali mwa nyanja ya Malawi, madera ngati Salima ndi Makanjira kuli mchenga wakuda wokhala ndi ilmenite ndi magnetite. Madzi a nyanjayi alibe mchere, kotero vuto lake ndi mchenga wakudawo basi. Ku gombe la Mozambique, ngati ku Beira, kumawonjezeka lina: mchenga wonyowa ndi madzi amchere umadutsa magetsi, ndipo makina a frequency imodzi (frequency ndi liwiro la mafunde amene koyilo imatumiza, loyezedwa mu kHz) amalira paliponse.

Chinyezi chochepa, ngati tsiku lotsatira mvula, chimathandiza m'dothi losavuta, ndipo kukumba kumaphweka. Mu Okutobala nthaka itauma gwa, zizindikiro zakuya zimafooka ndipo dzenje silikwiririka bwino.

VLF ya frequency imodzi

Makina a VLF (very low frequency), otumiza mafunde mosalekeza, ndiwo ofala. Garrett ACE 250 imayenda pa 6.5 kHz, ACE 400 pa 10 kHz, Nokta Simplex+ pa 12 kHz, Garrett AT Pro pa 15 kHz. M'dothi losavuta yembekezerani masentimita 15 mpaka 20 pa otsika mtengo, ndi 20 mpaka 28 pa abwinoko okhala ndi koyilo ya masentimita 28.

Frequency yotsika, 4 mpaka 8 kHz, imakonda makobidi akulu a siliva ndi mkuwa. Yokwera, 15 mpaka 20 kHz, imamva bwino timakobidi tating'ono ndi topyapyala, komanso zitsulo zosadutsa magetsi bwino, koma imamvanso dothi kwambiri. Makina a golide monga Minelab Gold Monster 1000 ya 45 kHz ndi Fisher Gold Bug 2 ya 71 kHz, anapangidwira timibulu ta golide tokhala ngati njere ya mapira. Khobidi amalimva ndithu, koma sakupatsani kuya kowonjezera, ndipo kanthu kalikonse ka aluminiyamu kadzakuimitsani. Popeza makina ambiri amene amafika kuno amabwera chifukwa cha golide, ofuna makobidi achenjere asagule chida cha ntchito ina.

Funso lofunika pogula VLF ndi ili: kodi ground balance yake, imene imachotsa phokoso la dothi, imasinthika? Makina ngati ACE 250 anaikidwiratu kufakitale, simungasinthe. Ku dothi la mchenga zilibe kanthu. Ku katondo ndiye kuti mudzakakamizika kutsitsa sensitivity, mphamvu ya kumva kwa makina, kuti akhale chete, ndipo kuya kudzapita nako. Simplex+ ndi AT Pro zimalola kusintha. Kwa wokhala kudera la dothi lofiira, ife tingasankhe makina osinthika ground balance ngakhale atasowa zina zonse zokongoletsa.

Ma frequency angapo nthawi imodzi

Minelab Equinox, imene inafika pamsika mu 2018, Nokta Legend ndi XP Deus II zimatumiza ma frequency angapo pamodzi n'kuyerekeza mayankho ake. Equinox 800 imathanso kuyenda pa frequency imodzi: 5, 10, 15, 20 kapena 40 kHz.

M'dothi losavuta makinawa saposa VLF yabwino ndi zambiri, mwina masentimita awiri kapena atatu. Phindu lawo lili pena. Choyamba, pa mchenga wamchere amakhala bata pamene a frequency imodzi akulira. Chachiwiri, nambala ya pa sikirini imakhalabe yoona pakuya kokulirapo. Mfundo iyi ambiri saiganizira. Kumva kuti pansi pali chinthu n'kosiyana ndi kudziwa kuti ndi chiyani. Pa makina alionse, chakumapeto kwa kuya kwake nambala imayamba kunama, ndipo m'dothi la chitsulo khobidi lakuya limakokeredwa kumbali ya misomali. Munthu amene watseka kulira kwa chitsulo amadutsa pamwamba pake osamva kanthu, chonsecho makina analimva. Kuya kumene kuli ndi ntchito ndi kumene makina akukuuzanibe zoona, ndipo pamenepa a ma frequency angapo ndiwo ali patsogolo.

Pa katondo wolemera kwambiri nawonso amagonja, kungoti amagonja mochedwerapo. Minelab Vanquish ndi yotsika mtengo m'gululi, koma ilibe ground balance yoti muisinthe nokha, choncho iyeseni pa dothi lanu musanalipire.

Pulse induction

Makina a PI (pulse induction), monga Minelab GPX ndi Garrett ATX, amatumiza mphamvu yaikulu mwakanthawi, n'kuizimitsa mwadzidzidzi, kenaka n'kumvetsera momwe magetsi akuzimira m'chitsulo. Okhala ndi ground balance amadutsa dothi loipa bwino kwambiri. Khobidi lalikulu amalimva pa masentimita 30 mpaka 40, ndipo kuya kumeneku sikutsika kwambiri ngakhale pa katondo pamene VLF yatsala ndi theka.

Komatu sasankha bwino. Msomali, waya, chidutswa cha lata, nsonga ya khasu lakale, zonse zimalira, ndipo zimalira kuchokera pansi kwambiri. Pabwinja mudzakumba maenje akuya a misomali tsiku lonse. Ndi olemera, amadya batire, amasokonezeka msanga ndi mawaya a magetsi, ndipo mtengo wa GPX imodzi mungagulire ma VLF abwino angapo. Kwa wofuna makobidi, PI ili ndi malo awiri okha: mchenga wakuda wa kunyanja, ndi munda wa dothi loipa umene mwatsimikiza kale kuti zinyalala zachitsulo ndi zochepa.

Makina a mabokosi awiri ndi nkhani ya mitsuko ya ndalama

Fisher Gemini-3 ndi anzake ali ndi bokosi lolandira kutsogolo kwa ndodo ndi lotumiza kumbuyo, motalikirana pafupifupi mita imodzi. Khobidi limodzi salimva konse, ngakhale lili pamwamba. Amayamba kuyankha pa chinthu chachikulu ngati chitini. Ndowa yachitsulo pa mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, mgolo pa mamita awiri kapena atatu. Ubwino wake ndi womwewo wosamva tinthu tating'ono: amadutsa misomali osalira.

Koma mtsuko wadothi wodzadza makobidi suli ngati mpoto wachitsulo wa kukula komweko. Makobidi amene achita ndere samatana mwamagetsi, lililonse limayankha palokha, ndiye muluwo umamveka mofooka kuposa momwe anthu amaganizira. Kumbukirani ka 64 kaja: kuti kuya kuwirikize kawiri pafunika makobidi makumi angapo, osati awiri.

Chuma chodziwika chimene chinapezekapo chimatsimikiza izi. Ku Frome m'dziko la England, mu 2010, Dave Crisp anapeza mtsuko wa makobidi a Aroma okwana 52,503, ndipo kukamwa kwa mtsukowo kunali pa masentimita pafupifupi 35 okha. Chuma cha ku Hoxne cha 1992, cha makobidi opitirira 14,000, chinali chosaya moti pulawo inali itayamba kuchimwaza. Cha ku Grouville pachilumba cha Jersey, cha 2012, chinali pafupifupi mita imodzi pansi, koma unali mulu wa makobidi oyandikira 70,000 omatana, wolemera makilogalamu mazanamazana, ndipo makobidi ochepa omwazika chakumtunda ndiwo anayamba kuonetsa malo. Ngakhale wofuna mtsuko amayamba ndi makina wamba.

Zida zoloza patali ndi makina achinyengo

Pali zida za tinyanga tozungulira pachogwirira, zimene amati zimaloza golide kapena siliva pa mamita mazana. Sizigwira ntchito. Kanyanga kamatembenuka chifukwa cha kupendekeka kwa dzanja la wochigwira. Chida cha mtundu womwewu, ADE 651, chinagulitsidwa ngati chofufuzira mabomba, ndipo mwini wake James McCormick anamangidwa zaka 10 ku Britain mu 2013 pa mlandu wachinyengo.

Palinso makina okopera, olembedwa mayina a makampani odziwika, makamaka a golide. Kunja amafanana ndi enieni, mkati muli zina. Mtengo ukatsika mokayikitsa, tengani nambala ya makinawo mufunse kwa wopanga kapena kwa wogulitsa wovomerezeka.

Koyilo: apa mungagule kuya motchipa

Pa khobidi lapakati, kuya kumene mungayembekezere kumayandikana ndi m'mimba mwa koyilo. Yaing'ono, ya masentimita 13 mpaka 15, imafika 12 mpaka 18. Yapakati, ya 22 mpaka 28, ndiyo ya tsiku ndi tsiku. Yaikulu, ya 33 mpaka 38, imawonjeza masentimita awiri mpaka asanu pa makobidi akulu, bola dothi likhale loyera. Pa katondo imameza dothi lambiri nthawi imodzi, phokoso limakula, mumatsitsa sensitivity, ndipo phindu lija latha. Imayambanso kuphonya tiki.

Pabwinja zinthu zimatembenuka. Msomali umodzi wa pa masentimita 5 umabisa khobidi la pa 15 likakhala pambali pake, chifukwa zonse ziwiri zili pansi pa koyilo nthawi imodzi ndipo chitsulo chimalira mokweza. Koyilo yaing'ono imalowa pakati pa misomali n'kutola makobidi osaya amene yaikulu inawadutsa. Pamalo otere wa koyilo yaing'ono amabwerako ndi zambiri.

Pa mapangidwe, ya concentric (ya mawaya ozungulira, wina mkati mwa mnzake) imamva mosongoka ngati fanulo, kotero pakuya kwenikweni imangoona kamalo kochepa ndipo muyenera kusanjikiza mizere yanu kwambiri. Ya DD (yooneka ngati zilembo D ziwiri zosanjikizana) imamva mwa kamzere kopyapyala kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndipo imapirira dothi la chitsulo. Kwa dothi lofiira sankhani DD.

Pinpointer, kachida ka m'manja kaja, imangomva masentimita 3 mpaka 7. Siyofufuzira, ndi yopezera khobidi m'dzenje kuti musalikande ndi fosholo.

Masentimita amene amatayika m'manja

Koyilo ikakwera masentimita 5 pamwamba pa nthaka, mwataya 5 omwewo pansi. Ambiri amaikweza akafika kumapeto kumanzere kapena kumanja osadziwa. Iyendetseni mokhudza udzu, kuchokera kumanzere kufika kumanja m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo mzere wotsatira ubise theka la woyamba. M'munda wa mizere, pitani m'khwawa pakati pa mizere kenaka m'mbali mwake. Kudutsa chopingasa kumasiya koyilo m'malere.

Ground balance chitani pamalo amene mwatsimikiza kuti palibe chitsulo. Kwezani ndi kutsitsa koyilo pakati pa masentimita 2 ndi 15 mpaka kulira kutasiya kusintha. Mukachitira pamwamba pa msomali, makina adzaphunzira zolakwika. Dothi likasintha mtundu, bwerezani.

Sensitivity ikwezeni mpaka makina ayambe kulira okha, kenaka bwererani pang'ono. Kuifikitsa kumapeto kumakwirira kakulira ka khobidi lakuya m'phokoso. Pafupi ndi mawaya a magetsi kapena thiransifoma chitani noise cancel, yozembetsa makina ku phokoso la magetsi, ndipo foni ikhale kutali ndi bokosi la makina. Recovery speed, liwiro limene makina amasiyira chinthu chimodzi n'kumva china, ikakwera imalekanitsa bwino zinthu zoyandikana koma imadula kuya, choncho ikwezeni pabwinja, itsitseni pamunda woyera. Valani mahedifoni, pakuti khobidi lakuya limalira motsitsa ndi mwachidule, ndipo sipika simungalimve nayo kukakhala mphepo. Kulira kotero kukabwereza pamalo amodzi mutatembenuka kuchokera mbali ziwiri, kumbani, ngakhale nambala ikuvina.

Njira yotsimikizira zonsezi ndi kamunda koyesera. Sankhani malo a dothi lofanana ndi kumene mudzafufuze, chotsani chitsulo chonse, kwirirani makobidi a mtundu umodzi pa masentimita 10, 15, 20, 25 ndi 30, motalikirana mita imodzi. Limodzi liikeni choimirira, lina pafupi ndi msomali wadzimbiri. Tsindirani dothi ndipo zikhomo zikhale zamtengo. Dothi longokumbidwa kumene limayankha mosiyana ndi lokhazikika, ndiye zotsatira zodalirika zimabwera mvula itagwapo kangapo. Mukamagula makina ogwiritsidwapo kale, kuyesa kotere kumaulula koyilo yolowa madzi kapena waya wothyokera mkati.

Makobidi ambiri otayika sali patali. Khasu ndi pulawo zimatembenuza masentimita 20 mpaka 25 apamwamba, ndipo zimene zinagwera m'munda zimazungulira momwemo. Pamalo osalimidwa, nyongolotsi ndi chiswe zimakwirira pang'onopang'ono. Kumene makobidi amazama kwenikweni ndi kumene madzi osefukira anaunjika matope, pamchenga wa kunyanja, ndi pamalo othiridwa dothi pomanga. Kumeneko ndiye koyilo yaikulu kapena PI ingabweze ndalama zake.

Musanakumbe

Pemphani mwini malo, ndipo pamalo a mudzi dzerani kwa amfumu. Kumanda musayandikireko. Ku Malawi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limateteza zinthu zakale ndi malo a mbiri, ndipo kukumba kofuna zinthu zotere kumafuna chilolezo cha boma; ku Zambia oyang'anira ndi a National Heritage Conservation Commission. Okhala ku England ndi Wales adziwe kuti Treasure Act ya 1996 imafuna kuti zopezeka zogwera m'gulu la chuma zinenedwe kwa coroner, mkulu wa boma wofufuza nkhani zotere, pasanathe masiku 14. Mukagunda mtsuko kapena mulu wa makobidi, lekani kukumba, jambulani, kwirirani ndi kudziwitsa a zosunga zakale, chifukwa kagonedwe kake m'nthaka kamanena zaka ndi eni ake.

M'madera amene munadutsa nkhondo, monga mbali zina za Mozambique ndi malire ake ndi Zimbabwe, funsani eni dera musanatsitse koyilo. Chitsulo chozungulira kapena chosongoka chimene simukuchidziwa musachigogode kapena kuchitukula. Ikani chizindikiro patali pang'ono ndipo kauzeni apolisi.